Nkhumba yomwe ndinaikiza kwa alamu

Lemba momwe ndikunenera, usakonze ndi Chichewa chanu cha kusukulu chija ayi. Ukaona kuti ndasokoneza undifunse, koma usandidule ndili pakati, ndimaiwala.

Nkhaniyi ndi ya agogo ako a kutsidya kwa dambo, aja amakupatsani mapichesi muli ana. Iwowo ndi alamu anga, mlongo wa malemu agogo ako aamuna. Amuna awo anayamba kumwalira, anga n'kutsatira, ndiye tinatsala awiri ngati mapasa. Kumaliro limodzi, kuchigayo limodzi, ku Misa timakhala benchi imodzi. Ndikadwala iwo ndiwo amabwera kudzanditungira madzi. Anthu amati, awa akanakhala mwamuna ndi mkazi bwenzi banja lake lili losiririka. Ndanena zimenezi poyamba kuti udziwe kuti amene ndinawalakwirawo sanali munthu wapanjira.

Nthawi imeneyo iwe unali usanayambe n'komwe sukulu. Ine ndinali ndi nkhumba zitatu. Ziwiri zamphongo zofula, zomwe ndimanenepetsa, ndi yaikazi imodzi yakuda, ya banga loyera pamphumi. Imeneyo inali ndi bere. Ha, nkhumba ija! Ndikangogogoda chidebe cha madeya imayankha ngati munthu. Kuno kumapiri kuno ukudziwa wekha, nkhumba ndiyo imagula feteleza, ndiyo imaveka ana, ndiyo imakuchotsa manyazi maliro akagwa pakhomo. Mayi wamasiye wopanda khola sagona tulo tabwino.

Ndiye kunagwa chigodola. Chinayambira midzi ya kumunsi, ife timangomva kuti uje zatha, uje zatha. Lamulungu lina itatha Misa, akatekisi anawerenga kalata yochokera ku boma. Inati nkhumba ikadwala kapena kufa, mwini wake akanene msanga kwa alangizi a ziweto. Osasuntha nkhumba kuchoka khola lina kupita lina, osagulitsa nyama yake. Alangizi akakufunsa, uyankhe zoona zokhazokha. Wobisa, kapena wokana kuyankha, akaonekera kukhoti, ndipo kumeneko ndi chindapusa kapena ndende. Ndinamva bwinobwino ndi makutu angawa. Usalembe kuti sindimadziwa. Ndimadziwa.

Koma panalinso china chimene kalata sinanene, ife timachimva kwa anthu a kumunsi aja. Amati ukakanena, amabwera n'kupha zonse za m'kholamo, zodwala ndi zamoyo zomwe, n'kuzikwirira, iwe n'kutsala ukungopukusa mutu. Ndiye aliyense mumtima amati, ndikanene kuti andiphere ndekha? Kaya zinali zoona kaya ayi, koma ndi zomwe timaopa.

Sabata yomweyo alangizi anazungulira mudzi wonse pa njinga yamoto, kulemba kuti khomo ili nkhumba zingati, ili zingati. Anali mwana wamng'ono ndithu, wamtali, wovala jombo zoyera, waulemu wake. Kwa alamu analemba zitatu. Kwa ine sanalembe kanthu, chifukwa ndinali kumaliro a msuweni wanga ku Kasina, ndinagonako masiku, ndipo nyumba yanga ukuiona wekha kuti ili kumapeto, khola lili kuseri kwa nthochi. Anagogoda, sanapeze munthu, anapita. Nditabwerako n'kumva, ndinati Mulungu wandikonda. Taona momwe munthu amamunamizira Mulungu.

Lachinayi m'mawa ndikupita ndi madeya, ndinapeza imodzi yamphongo yagona pakona, sikudzuka. Ndinaikankha ndi phazi, inangolira pang'ono. Makutu anali atafiira ngati awathira madzi otentha, kumimba madontho. Ndinati mwina ndi kuzizira, unali mwezi wa mvula yosalekeza ija, chifunga mpaka masana. Ndinaiphikira phala. Sinadye. Lachisanu inzake nayo inayamba kunjenjemera. Apo ndinadziwa. Ndinakhala pamwala paja pafupi ndi khola, manja ali m'masaya, ndikuyang'ana yakuda ija ikudya bwinobwino, mimba ili lendelende. Ndinawerenga mawere ake ngati wamisala, ndikuganiza tiana timene tikubwera.

Njira yopita kwa alangizi ndimaidziwa. Si patali, munthu umapita n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu. Sindinapite.

Loweruka ndinatumiza mawu kwa bambo wina wokazinga nyama pachiwaya kumsewu. Anabwera ndi njinga yake ndi matumba, anasuzumira m'khola, anandiyang'ana, sanafunse kanthu, inenso sindinanene kanthu. Anatenga ziwiri zija pa mtengo wa nkhuku. Kumene nyamayo inakathera sindidziwa, ndipo nalonso ndi tchimo lina, koma lero tikukamba ili.

Tsopano mvetsera, chifukwa ana a masiku ano simuzidziwa izi. Kuno kuli mwambo wa kuikiza. Ukakhala ndi chiweto, utha kukachisiya kwa mbale wako kapena mnzako kuti akusungire. Chikaswa, mwana mmodzi ndi wake. Ena amaikiza chifukwa alibe khola, ena pothawa nsanje ya anthu, ena pobisira mwamuna womwa mowa. Ndipo lamulo lake, lomwe silinalembedwe papepala, ndi lakuti wosungayo saulula. Ngakhale mwamuna wa mwini chiwetocho afunse, umati ndi changa. Woulula choikiza ndi munthu wachabechabe, palibe adzamukhulupirirenso. Amayi anga anasunga mbuzi za anthu mpaka kufa osatchula eni ake, eniwo anachita kubwera okha atatha maliro.

Ndiye ine ndinaganiza kuti yakudayi sinadwale, ndikaichotsa msanga ipulumuka. Ndiikize kwa alamu. Mumtima mwina mumati, nanga ngati yatenga kale? Koma mawu amenewo ndinawapondereza ngati momwe umaponderezera fodya m'thumba.

Lamulungu m'mawa anthu onse atapita ku Misa, ine ndinatsala. Ndinaimanga chingwe kumwendo wakumbuyo, n'kuilondolera njira ya m'chimanga. Chimanga chinali chitatalika, munthu osaoneka. Tinaoloka dambo, matope mpaka m'mawondo, iyo ikulira, ine ndikuinyengerera ngati mwana. Belu la kutchalitchi ndimalimva. Ndinakhala nayo kuseri kwa nyumba ya alamu mpaka anaweruka.

Atandiona anaseka, anati, "Aa, alamu! Ku Misa sindinakuoneni, ndimati mwalowa mpingo wina."

Ndinati, "Mwendo, alamu, unanditupa."

"Mwendo womwe mwathamangitsa nawo nkhumba dambo lonseli? Mundibwerekeko mwendo umenewo."

Ndinaseka nawo. Ndinati, "Khola langa lagwa ndi mvula ija. Mundisungireko iyi, ili pafupi kuswa."

"Nanga zamphongo zija?"

"Ndinagulitsa kalekale, ndinagulira feteleza wobereketsa."

Anapinda kaye nsalu yawo ya kutchalitchi. Anati, "Koma paja akuti tisasunthe."

Ndinati, "Akunena zopita nazo kumsika. Kuno ndi kwathu komwe, dambo lokha ndilo latilekanitsa."

Anaiyang'ana, anaisisita pamsana, anati, "Koma yanona. Ilowe. Ikaswa, kakakazi ndi kanga, musadzandipatse kamphongo kopunduka."

Anatsegula okha chitseko cha khola ndi manja awo. Pobwerera anandipatsa chimanga chachiwisi chinayi kuti ndikaotche. Ndinalandira, ndinathokoza, ndinakadya.

Nditafika kuno ndinakolopa khola langa, ndinathira phulusa, ndinaunjikamo nkhuni kuti lioneke ngati linasiyidwa kale. Ndinagwetsanso mbali imodzi ya chipupa ndi khasu, kuti alamu akabwera aone kuti lagwadi. Lemba zimenezo, usalumphe. Munthu wosokonezeka ndi mantha sagwetsa chipupa mwadongosolo chomwecho. Ine ndinali ndi nzeru zanga zonse.

Sipanathe sabata. Kankhumba kawo kakang'ono ndiko kanayamba kufa. Alamu anaganiza kuti kaponderezedwa ndi zikuluzikulu. Ndipo ukudziwa, kuno nyama sitaya. Anakawaula, anakadula, n'kugawira makomo oyandikana nawo, uyu mwendo, uyu nthiti, monga timachitira. Anthu anatsuka nyama ija, madzi ake n'kuthira m'zodyera za nkhumba zawo, pakuti madzi otsukira timathira kumeneko. Kenaka ziwiri zawo zotsala zinagona. Yanga ija ndiyo inalimba, inafa pomaliza, ndi tiana take m'mimba.

Ukufunsa kuti bwanji sanakanene ataona zachiwirizo zikudwala? Ndi chifukwa cha ine. Anaopa kuti alangizi akabwera apeza yakuda ija, yomwe sinalembedwe, ndiye choikiza chiululika. Anakumba dzenje okha kuseri kwa khola, mayi wamkulu, n'kukwirira zitatuzo.

Madzulo ake dzuwa likadalipo ndinawaona akubwera m'kanjira kaja. Sanafike pakhonde. Anakhala pansi pabwalo, pa dothi lonyowa, miyendo atatambalala, ngati munthu wobwera kudzanena za maliro.

Anati, "Alamu, ndakupherani nkhumba."

Ndisanayankhe, anapitiriza.

"Matenda analowa m'khola langa, sindidziwa anadzera kuti. Inayamba ndi yanga yaing'ono. Yanu inabwera yabwinobwino, ndinaiona ndi maso anga. Munandikhulupirira, ine ndakuonongerani. Sindidziwa ndikubwezerani chiyani."

Apa ndiye panali pakhomo potseguka, mdzukulu wanga. Panalibe mlangizi, panalibe wapolisi, tinali awiri basi ndi nkhuku. Ndikanangoti, alamu dzukani, wolakwa ndine. Akanandikalipira, mwina mwezi osandiyankhula, zikanatha. Koma ukudziwa chomwe ndinanena? Ndinati, "Musadandaule alamu, zimachitika, inu si Mulungu." Ndinawagwira dzanja kuwadzutsa. Ndinawakhululukira. Ine! Ndipo iwo anapita akuthokoza kuti ali ndi mlamu wa mtima wabwino.

Taima kaye, ndimwe madzi. Ayi, cholembera usaike pansi, ndikupitiriza.

Makomo aja analandira nyama, nkhumba zawo zinayamba kugwa. Bambo wina wa pamenepo, amene anali ndi khola lalikulu, anapsa mtima n'kukanena. Alangizi anabwera m'mawa, ali ndi anzawo awiri ndi wapolisi mmodzi. Uthenga unafika pamjigo ndili pomwepo, tonse tinasiya zidebe n'kuthamangira kutsidya. Ndinaima kumbuyo kwa anthu, pansi pa mtengo wa pichesi.

Anafukula dzenje lija. Fungo lake sindifuna kulikumbuka. Alangizi anatseka mphuno ndi kansalu, anasuzumira, n'kutsegula buku lawo.

Anati, "Amayi, muno muli zitatu. Anthu akuti ina munagawa nyama. Ndiye zinali zinayi. Ine tsiku lija ndinalemba zitatu. Yachinayi inachokera kuti?"

Alamu anati, "Ndi yanga."

"Sindikukana kuti ndi yanu. Ndikufunsa kuti inachokera kuti."

"Mwina simunaione tsiku lija, achimwene. Imakonda kugona pakona."

Anthu ena anaseka. Bambo wa khola lalikulu uja anakuwa, "Pakona pati, khola lake ngati chimbudzi ili! Anene kumene anaitenga!"

Alangizi anamuletsa ndi dzanja. Anagwada pang'ono kuti alingane nawo, pakuti alamu anali atakhala pansi. Anayankhula mofatsa, ndipo mpaka lero mwana uja sindimuda. Anati, "Amayi, ndinu ngati mayi anga. Ine sindikufuna kukutengerani kukhoti. Ndikufuna kudziwa kumene matendawa achokera, kuti ndikatseke kumeneko asanafike midzi ina. Kusanena kuti nkhumba zafa ndi mlandu kale. Koma mukandiuza zoona, ndikalemba kuti munandithandiza. Mukakana kundiyankha, umenewo ndi mlandu wachiwiri, ndipo ine sindingakuombolereni."

Alamu sanatembenuke. Amadziwa kuti ndili kumbuyoko, anali atandiona pofika, koma sanayang'ane mbali yanga ngakhale kamodzi, kuopa kuti maso angaulule. Anangoyang'ana zala zawo zakumapazi, n'kunena kuti, "Ndanena kale. Ndi yanga."

Mwa anthu onse aja panalibe woidziwa nkhumba ija, inali itatupa, yodzola matope. Woidziwa ndinali ine. Banga loyera lija ndinaliona. Ndinati ndiyankhule, ndinatsegula pakamwa ndithu. Mayi wina amene anaima pafupi nane anandigunda ndi chigongono, anati, "Alamu anuwa ndi ouma mutu bwanji." Ine ndinati, "Eetu." Mawu anga onse pa dzenje paja ndi amenewo. Eetu.

Pochoka alangizi anaima pa ine, poti anamva kuti ndine mbale. Anati, "Inu amayi, muli ndi nkhumba kwanu?" Ndinati, "Ayi bambo, khola linagwa kalekale." Analemba, anapita.

Samani inabwera. Tsiku la mlandu ndinawaperekeza ndine. Ee, ine ndemwe. Ndinawaphikira mbatatesi, ndinamanga m'kansalu, tinakwera minibasi limodzi mpaka ku boma. M'njira anandinong'oneza kuti, "Musaope alamu, sinditchula." Anali kundilimbitsa mtima ine, iwo akupita kukaweruzidwa.

Kukhoti ndinali ndisanalowemo chibadwire. Mabenchi ngati a m'tchalitchi, koma ozizira. Analipo ena a milandu yomweyi ochokera midzi ina, ambiri azibambo ogulitsa nyama. Mayi wamkulu anali alamu okha. Atawaitana anaimirira m'kabokosi kaja ka oimbidwa mlandu, atavala nsalu yawo ya bungwe la amayi, korona yopempherera ili m'manja. Anawawerengera milandu iwiri, wosanena kuti ziweto zafa ndi matenda, ndi wokana kuuza wa boma zomwe anafunsa. Woweruza anali mayi, wovala magalasi. Anawafunsa komaliza, anati, "Agogo, simukufunabe kunena kumene nkhumba ija inachokera?" Alamu anati, "Ndalakwa, bwana, mundikhululukire." Basi.

Anagamula chindapusa, akalephera akakhale kundende miyezi. Anawapatsa masiku ochepa. Alamu anali ndi malata amene amagula limodzilimodzi kwa zaka, amasunga kudenga kwa khitchini kuti adzafolere nyumba. Anagulitsa onse, ndi mbuzi yawo imodzi. Ine ndinaperekako kangachepe, n'kumati ndathandiza. Kangachepe kameneko kanachokera kwa bambo wa chiwaya uja. Iwo analandira ndi manja awiri.

Koma malata si amene anawapweteka kwambiri. Chinawapweteka ndi dzina. Mudzi wonse unayamba kuwatchula kuti amayi a chigodola. Ana akawaona amalira ngati nkhumba n'kuthawa. Pamjigo akafika, nkhani zimaduka. Kale pamaliro ndi paukwati iwo ndiwo amagawa ndiwo, chifukwa dzanja lawo linali lachilungamo, samakondera. Kuyambira pamenepo amayi anzathu anayamba kunena kuti, awo asagwire nyama, atipatsa matenda. Amanena moseka, koma chipande anawalanda ndithu, n'kuwapatsa ntchito yotsuka mbale. Ena amati anagula nkhumba yakuba, n'chifukwa chake sanatchule. Bambo wa khola lalikulu uja anafa osawapatsanso moni. Ndipo ine ndinali pomwepo zaka zonsezi, ndikutsuka nawo mbale, anthu n'kumanditama kuti sindinawataye alamu anga pamavuto.

Kolapa ndimapita. Ndimati, ndinanama, ndinalakwira mnzanga. Abambo ansembe amandipatsa mapemphero, ndimapemphera, ndimatuluka. Chaka china kunabwera wansembe wina wachikulire wofunsa mafunso. Anati, munanama chiyani? Ndinafotokoza zonse, koyamba. Anaweramitsa mutu, ndinayesa agona. Kenaka anati, "Mayi, Mulungu wamva. Koma amene anaimirira kukhoti si Mulungu. Pitani mukawauze."

Ndinapita katatu. Koyamba tinakamba za mtengo wa feteleza. Kachiwiri ndinawapeza akudwala chifuwa, ndinati si tsiku lake. Kachitatu ndinafika mpaka pa dambo n'kubwerera. Kenaka wansembe uja anasamutsidwa, ine ndinapuma, ngati kuti mlandu wapita naye. Koma akulu amati mlandu suola.

Chaka chathachi, mwezi wozizira, tinali pakhonde pawo tikusankha mbewu ya mbatatesi, yophuka uku, yoola uku. Maso awo tsopano saona bwino, amasankha ndi zala. Mwadzidzidzi anati, "Alamu, ndikamaganiza za kufa, chimandivuta ndi chimodzi. Nkhumba yanu ija sindinakubwezereni. Ndauza mwana wanga kuti ndikadzapita, mbuzi yaikazi ija adzakupatseni."

Apo ndiye zinandikanika. Ndinati, "Alamu, nkhumba ija inabwera ndi matenda."

Anati, "Ayi, inabwera yabwino, ndinaisisita ndekha."

Ndinati, "Zamphongo zija sindinagulitse kalekale. Zinadwala Lachinayi, ndinagulitsa Loweruka, Lamulungu ndinabwera kuno. Khola silinagwe ndi mvula, ndinagwetsa ndine ndi khasu."

Ndimayembekeza kuti alira, kapena andigenda ndi mbatatesi, kapena anena kuti ndimadziwa kale. Sanadziwe, mwana wanga. Zaka zonsezi sanaganizepo n'komwe. Manja awo anaima m'dengu. Kenaka anayambanso kusankha, koma amaika yoola ndi yabwino malo amodzi.

Patapita nthawi anati, "Tsiku lija ndinakhala pansi pabwalo panu, mumadziwa?"

Ndinati, "Ndimadziwa."

"Mu minibasi muja?"

"Ndimadziwa."

"Mbatatesi munaphika zija ndinadya ndikulira, ndimati koma ndili ndi mbale."

Ndinagwada, mawondo anga omwewa, ndinati, "Mundikhululukire."

Anati, "Dzukani, mungathyoke, ndikuvutikanso nanu. Pano pakhonde palibe anandinyoza. Ndinanyozedwa pa anthu. Mukanene pa anthu."

Ndinachoka osandiperekeza. Chikhalire sanalekepo kundiperekeza mpaka pa dambo.

Mphakati wathu, kagulu kaja ka akhristu a m'mudzi muno, umakumana Lachitatu masana, nyumba ndi nyumba mosinthana. Sabata imeneyo unali kwa mayi wina pafupi ndi mjigo. Ndinavala bwino ngati ndikupita ku boma. Kunali mphepo, anthu anabwera ochepa, ambiri atsikana okwatiwa chaposachedwa, ana ali kumsana. Alamu anabwera ndi ndodo yawo, anakhala patali ndi ine. Titatha kumva mawu a Mulungu, wotsogolera anafunsa ngati pali wina ali ndi chonena. Ndinaimirira. Ndinanena zonse monga ndakuuzira iwemu, Lachinayi, chiwaya, chingwe, khasu, dzenje. Ndinati amayi awa sanaphe nkhumba za m'mudzi muno, ndinapha ndine, iwo anangosunga choikiza monga tinaphunzitsidwira. Ndinamaliza zonse.

Kenaka mtsikana wina anafunsa mnzake monong'ona, koma tonse tinamva, "Akunena chigodola chiti? Cha chaka chatha?" Wina anati, "Kani dzina lija linachokera pa nkhumba? Ine ndimayesa ndi la kwawo." Ena anabisa kuseka m'nsalu. Wotsogolera, mwana wabwino, anasowa chochita, anati tithokoze agogo chifukwa cha kulimba mtima, tiyeni tiwaombere m'manja. Anandiombera m'manja, mdzukulu wanga. Ine. Ndinafuna nthaka ing'ambike.

Alamu sanaombe. Anayang'ana nkhope imodziimodzi, mmene amaonera movutikira muja, ngati akufuna munthu wina. Kenaka anati, "Amene ndimafuna amve mulibe muno. Onse ali kumanda."

Anagwira ndodo kuti adzuke. Ndinathamanga kuti ndiwagwire mkono monga ndimachitira masiku onse. Anati, "Ndidzuka ndekha." Anadzukadi okha, pang'onopang'ono, ife tonse tikuyang'ana.

Moni amandiyankha. Ndikadwala amatumiza munthu kudzafunsa. Ku Misa ndimakhalabe benchi lathu lija, ndimasiya malo kumanja kwanga, koma iwo tsopano amakhala kutsogolo, akuti kumbuyo samva bwino. Mwina ndi zoona, makutu awo afookadi. Sindinawafunse.